Masiku Oyamba a Munthu Wosiya Mowa: Malangizo kwa Iye Mwini ndi kwa a Pabanja Pake

Munthu amene wakhala zaka zambiri akumwa kachasu, masese kapena mowa wa m'mabotolo tsiku ndi tsiku, kufikira kuti ulemu wake unatha pamudzi ndipo ngakhale ana amamuloza chala kuti chidakwa, akadzuka tsiku lina nanena pamaso pa mkazi wake ndi abale ake kuti chikho wachitula pansi, mawu amenewo ayenera kulandiridwa mwaulemu waukulu, pakuti sanatuluke m'kamwa mopepuka. Komatu a pabanja adziwe kuti kunenako ndi chiyambi chabe cha ntchito. Ambiri amene analumbira chotere anabwerera kumowa sabata isanathe, ndipo anthu anawanyoza kuti ngopanda mtima wolimba, pamene choona chake n'chakuti anasiyidwa okha pa nthawi imene thupi lawo linali pa nkhondo yoopsa, popanda wowauziratu zimene zidzawaonekera, ngakhale wokhala nawo pafupi dzuwa likamalowa. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, ndipo kabuku kano kalembedwera khomo lonse, kaya wosiya mowayo ndi bambo, mayi, kapena mnyamata amene akali pa dzanja la makolo ake.

Zimene zichitika m'thupi mowa ukaleka kulowamo

Ntchito ya mowa m'thupi ndiyo kufooketsa ubongo, n'chifukwa chake woledzera lilime limamulemera, miyendo imadzandira, ndipo potsiriza amagona tulo tosadziwa kanthu. Tsono ubongo wa munthu wakumwa masiku onse, poona kuti ukuponderezedwa kosalekeza, umazolowera kugwira ntchito ndi mphamvu yopitirira muyeso, kuti mwini wake azithabe kuyenda ndi kugwira khasu ngakhale mowa uli m'magazi. Zili ngati munthu wokankha chitseko chimene wina watsamira kuseri kwake: wa kuseriyo akachoka mwadzidzidzi, wokankha uja amagwa chafufumimba. Mowa ukaleka kulowa tsiku limodzi, mphamvu yonse ija imasowa choitchinga, ndipo thupi limayamba kuvutika.

Kawirikawiri zizindikiro zimayamba pakapita maola 6 mpaka 24 chimwereni mowa womaliza. Manja amanjenjemera, thukuta limatuluka ngakhale kunja kukuzizira, mtima umagunda mofulumira, pamabwera nseru ndi kusanza, mutu umawawa, tulo timasowa, ndipo munthuyo amagwidwa ndi mantha amene iye mwini sangathe kunena gwero lake. Kwa ambiri masautso amenewa amakula kwambiri pa tsiku lachiwiri ndi lachitatu, kenaka amayamba kuchepa, kotero kuti pofika kumapeto kwa sabata munthu amayamba kudzimva bwino. Koma alipo ena amene zinthu zimawaipira koposa apa. Ena amakomoka ndi kuphupha monga wodwala khunyu, makamaka m'maola 48 oyamba. Ena, pakati pa tsiku lachiwiri ndi lachinayi, amasokonezeka mutu, saadziwanso kumene ali kapena tsiku lake, amaona njoka, makoswe ndi tizilombo pakhoma pamene palibe kanthu, amabwebweta usiku wonse, thupi likutentha. Matenda amenewa madokotala amawatcha delirium tremens, ndipo amapha munthu ngati sathandizidwa msanga.

Chifukwa cha ichi, langizo loyamba ndi loposa onse m'kabuku kano ndi lakuti munthu wakumwa kwambiri masiku onse asasiye mowa mwadzidzidzi ali yekha kunyumba, asanaonane ndi a chipatala. Makamaka ayenera kuyamba wapita kuchipatala munthu amene m'mawa uliwonse amafuna kamowa kochotsera matsire kuti manja aleke kunjenjemera, amene anakomokapo kale poyesa kusiya, wodwala khunyu, shuga, kuthamanga kwa magazi kapena chiwindi, amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a TB, mayi woyembekezera, ndiponso wokalamba. Kuchipatala akafotokoze zoona zokhazokha za kuchuluka kwa mowa umene amamwa, osachepetsa chifukwa cha manyazi, pakuti sing'anga wonamizidwa amapereka mankhwala olakwika. Kumeneko ali ndi mankhwala okhazika thupi pansi m'masiku oyambawa, monga diazepam, ndiponso vitamini B1 amene mowa umatha m'thupi, amene kusowa kwake kumaononga ubongo ndi kuiwalitsa munthu zinthu. Koma chonde, mapiritsi ogonetsa musagule kwa ogulitsa mankhwala pamsika, pakuti akakumana ndi mowa m'thupi angathe kuimitsa mpweya munthu ali m'tulo.

Wolonda masiku oyamba

M'masiku asanu oyamba munthuyo asagone yekha, ndipo asapite yekha kudambo, kunyanja kapena pafupi ndi moto. Banja lisankhe munthu wamkulu, wodekha mtima, amene wodwalayo amamumvera, kaya ndi mbale wake, malume ake kapena mkulu wa mpingo, kuti azigona naye m'nyumba, ndipo ndalama ya kabaza kapena ya galimoto ikhale yosungidwiratu pamalo odziwika, pakuti mavuto amenewa amakonda kukula usiku. Akakomoka, chotsani zonse zimene zingamupweteke, ikani chofunda chopindapinda kunsi kwa mutu wake, musamupanikize, musamuike supuni kapena chala m'kamwa, musamumwetse kanthu, ndipo kuphuphako kukaleka mumugoneke chammbali kuti malovu ndi masanzi asamutsamwitse. Pambuyo pake mutengereni kuchipatala ngakhale atadzuka nanena kuti ali bwino. Kuphupha kopitirira mphindi 5, kapena kobwerezabwereza, n'kofuna kuthamanga nako nthawi yomweyo. Chimodzimodzinso akayamba kuona zinthu zimene kulibe, akasanza magazi kapena kuchita chimbudzi chakuda bii, maso akachita chikasu, kapena akamasanza chilichonse chimene wamwa.

Pano tiyenera kulankhula mosabisa. Munthu akayamba kubwebweta ndi kuloza zinthu zosaoneka, mitima ya abale imafulumira kuganiza za ufiti kapena mizimu, ndipo nthawi yamtengo wapatali imatayika pofunafuna amene wamulodza, nthawi zina mpaka kudanitsa anthu amene anakhala mwamtendere chibadwire. Palibe amene wamulodza. Ndi ubongo umene ukuvutika chifukwa cha kusowa kwa mowa umene unauzolowera, ndipo popeza malungo aakulu ndi kutsika kwa shuga m'magazi zimaonekanso chomwecho, ndi a chipatala okha amene angasiyanitse. Pempherani ndithu, pakuti pemphero limalimbitsa wodwala ndi omudwazika omwe, koma pempherani muli pa ulendo wa kuchipatala.

Chakudya ndi tulo

Chidakwa chimakhala ndi njala zaka zambiri osadziwa, popeza mowa umanamiza mimba kuti yakhuta. Muyambe ndi zakudya zofewa, pang'onopang'ono koma kawirikawiri: phala la mgaiwa lotsira nsinjiro, nthochi, mbatata, msuzi wa nyemba, ndipo mimba ikakhazikika, nsima ya mgaiwa ndi usipa, mazira ndi masamba. Mgaiwa uposa ufa woyera pa nthawi imeneyi chifukwa vitamini B1 uja amakhala m'gaga ndi m'mtima wa chimanga, zimene zimachoka pokonola. Madzi amwe ambiri, ndipo ngati akusanza kapena kutsegula m'mimba mumupatse Thanzi ORS. Ambiri amayamba kulakalaka zotsekemera. Nzimbe, mango kapena tiyi wa shuga siziipa, pokhapokha ngati ali ndi matenda a shuga. Mankhwala a ma ARV ndi a TB asalekeze ngakhale tsiku limodzi.

Tulo ndito timachedwa kubwerera, ndipo timatha masabata angapo tisanakhazikike. Ambiri amagwa pomwepa, poganiza kuti kapu imodzi yokha idzawagonetsa. Mumuuziretu kuti kusowa tulo kumeneku n'kwa kanthawi ndipo kudzatha. Agwire ntchito yotopetsa thupi masana, aleke tiyi ndi khofi madzulo, adzuke nthawi imodzimodzi m'mawa uliwonse ngakhale usiku sanagone bwino, ndipo akalota kuti akumwa, monga ambiri amalotera, asadzidzudzule, pakuti loto si tchimo.

Za chibaba

Kunjenjemera kukatha ndi chakudya chikayamba kukoma, a pabanja amapuma naganiza kuti nkhondo yatha, koma apa m'pamene mdani wochenjera kwambiri amaonekera, ndiye chibaba. Chimabwera mwadzidzidzi, kukhosi kumauma, maganizo onse amathamangira kwa mayi uja wotcheza kachasu kuseri kwa msika, ndipo mtima umayamba kupereka zifukwa zomveka bwino: kuti lero lokha, kuti kulawa si kumwa, kuti munthu amene wapirira masabata awiri waonetsa kale kuti angathe kudziletsa. Chinthu chimene wosiya mowa ayenera kuchigwiritsa ndi ichi, chakuti chibaba sichikhalitsa. Chimakwera, chimafika pachimake, ndipo kawirikawiri chimatsika chokha theka la ola lisanathe, ngati munthu sanachimvere. Tsono ntchito yake ndi kupyola theka la ola limenelo ali kutali ndi mowa: atuluke akatunge madzi, awaze nkhuni, adye kanthu, asambe, kapena apite kwa mnzake wodalirika akamuuze poyera kuti, “Achimwene, chandigwira, khalani nane pang'ono.” Chibaba chonenedwa pakamwa chimachepa mphamvu, pamene chobisidwa mumtima chimakula. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Chibaba chili ndi nthawi zake zimene chimakonda, ndipo munthu wanzeru amaziphunzira. Chimabwera munthu akakhala ndi njala, akapsa mtima, akasungulumwa, ndiponso akatopa kwambiri. Koposa zonse chimabwera pa ora lomwe lija ankapitira kumowa, ndilo kuyambira poweruka ku ntchito kufikira nthawi ya mgonero. Maola amenewo, amene kale ankatha osadziwika pakati pa phokoso ndi nthabwala za pamowa, tsopano amatalika modabwitsa, ndipo munthu wongokhala pakhonde manja ali lende sadzatha masabata ambiri. Banja likonzeretu chochita cha madzulo aliwonse, kaya ndi dimba lothirira, khola lomanga, kwaya, mpira, bawo pakhomo pa mnansi wosamwa, kapena kuthandiza ana ntchito ya kusukulu. Mgonero uphikidwe msanga, pakuti mimba yokhuta siikumbuka mowa kwambiri. Ndipo ngati njira yochokera ku ntchito imadutsa pa shabini kapena pa bala pamene ankakhala, asinthe njira ngakhale ikhale yozungulira.

Ndalama nayo ndi chiyeso chachikulu. Tsiku la malipiro, tsiku logulitsa fodya, soya kapena mtedza, ngakhale tsiku logawana ndalama za banki m'khonde, ndiwo masiku amene ambiri anagwa. Ngakhale boma linaletsa mowa wa m'masacheti, mowa waukali wotsika mtengo ukupezekabe m'timabotolo ndi m'makomo mwa otcheza, kotero kuti ndalama yochepa ya m'thumba ikwanira kugwetsa munthu. Sichinthu chamanyazi kuti bambo, mwa kufuna kwake, apereke ndalama kwa mayi wa kunyumba kwa miyezi ingapo yoyamba, kapena apite naye limodzi pokalandira, ndipo ndalama ya pafoni, ya Airtel Money kapena Mpamba, isakhale yambiri m'manja mwake madzulo. Koma izi zichitike mogwirizana, osati molanda. Ndipo kanthu kena kooneka ndi maso kagulidwe ndi ndalama imene ikanapita kumowa, kaya ndi thumba la feteleza, nkhuku, kapena nsapato za mwana, kuti aone phindu la kupirira kwake. Ngongole za kumowa akabweze munthu wina m'malo mwake, iye asapondeko.

Anzake, maliro ndi maukwati

Anzake a pamowa adzabwera, ena mwachikondi chenicheni, ena chifukwa kusiya kwake kukuwatsutsa mumtima. Adzanena kuti walodzedwa ndi mkazi, kapena kuti wayamba kudzikweza, ndipo adzamugulira botolo ngakhale kale sanamugulirepo. Asakangane nawo ndipo asawalalikire. Mawu ochepa akwanira: “Zikomo akulu, ine ndinasiya,” kapena “A chipatala anandiletsa.” Akabwerezanso, iye abwereze mawu omwewo, kenaka atsanzike. Kuwadana sikufunika, koma kukhala nawo pansi pamene chikho chikuzungulira, namati angomwa chakumwa chozizira, n'kudziika yekha m'chiyeso.

Pa maliro, pa chinkhoswe, pa ukwati ndi pa mwambo womanga chiliza munthu sangaleke kupita, pakuti ndi mwana wa mudzi. Apite ndi mnzake wodziwa nkhani yake, adye asananyamuke, agwire ntchito yooneka monga kukumba manda, kutema nkhuni kapena kulandira alendo, ndipo mwambo ukangotha abwerere kwawo mowa usanatuluke. Achenjere ndi thobwa logonera masiku angapo, pakuti likayamba kusasa lasanduka mowa. Amwe latsopano lokha. Ndipo inu akuluakulu a mudzi, musamukakamize munthu wotere kuti alawe chifukwa cha mwambo. Mwambo sutha chifukwa munthu mmodzi wapatsira chikho mnzake.

Mawu kwa a pabanja

Inu mayi amene mwapirira zaka zambiri, amene munagona ndi njala pamodzi ndi ana pamene ndalama inkathera kumowa, mwina munamenyedwa ndi kutukwanidwa pamaso pa anansi, mabala anu ngoona ndipo palibe amene angakuuzeni kuti muiwale. Nthawi yokambirana zonsezo idzafika, ndipo ndi bwino kuti idzafike pamaso pa ankhoswe. Koma masabata oyambawa si nthawi yake, pakuti munthu amene wangosiya mowa amakhala wokwiya msanga, wamanyazi, ndipo zolakwa zake zonse, zimene kale ankazimiza m'chikho, tsopano akuziona ndi maso owala. Kumuwerengera milandu madzulo aliwonse, kumununkhiza m'kamwa akamalowa, kapena kumuseka kuti tiona ngati afike Loweruka, n'kumukankhira kumene wachokera. Muyamikeni pa tsiku limene wapirira, ndipo ana auzidwe mwachidule kuti bambo awo akuchira matenda. Komabe kupirira kumeneku kuli ndi malire: ngati akweza dzanja pa inu kapena pa ana, chokani mupite kwa abale, kwa amfumu kapena ku Victim Support Unit ya kupolisi, pakuti kusiya mowa sikupatsa munthu ufulu wochita nkhanza.

M'nyumba musakhale mowa wa mtundu uliwonse, ngakhale wosungira alendo. Nkhani imavuta pamene khomo lomwelo limadalira kutcheza kachasu kapena kufulula masese kuti lipeze ndalama ya sopo ndi fizi ya ana, ndipo sitinganene mopepuka kuti mayi angoleka. Koma kunena zoona, munthu sangachire pakhomo pamene fungo la mowa limamudzutsa m'mawa ndipo akumwa amakhala pabwalo pake tsiku lonse. Banja likhale pansi liganize za malonda ena, monga mandasi, tomato kapena nkhuku, ndipo ngati sizitheka msanga, wochirayo akayambe wakhala kwa mbale wake kwa kanthawi.

Yang'aniraninso mtima wake. Kukhumudwa m'masabata oyamba n'kofala ndipo kumachepa, koma ngati akhala wachisoni masiku onse, osadya, osalankhula, kapena ayamba kunena kuti kuli bwino atafa, musayese nthabwala. Bisani mankhwala a mbewu ndi a makoswe pamodzi ndi zingwe, musamusiye yekha, ndipo pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Akaterereka

Zimachitika kuti munthu amene anapirira mwezi wathunthu abwera usiku wina akudzandira. Tsiku limenelo nyumba yonse imagwa mphwayi, ndipo iye mwini m'mawa mwake amati, popeza ndalephera, bola ndingopitiriza. Ganizo limenelo ndi loopsa kuposa mowa umene wamwawo. Masiku amene anapirira sanapite pachabe, pakuti m'masiku amenewo chiwindi chinayamba kuchira, magazi anayamba kuyenda bwino, ndipo anaphunzira zinthu zimene kale sankazidziwa. Khotekhote ngwa njira, palinga mtima m'pomwepo. Musakambe naye ali woledzera. Mugonekeni chammbali, ndipo kukacha mufunsane modekha kuti chinachitika n'chiyani, anali ndi yani, m'thumba munali ndalama zingati, anali atadya kapena ayi, kuti mpata umene mdani analowera utsekedwe. Ngati wabwerera kumowa kwa masiku ambiri, ayambirenso kuchipatala, chifukwa masautso a kusiya amakonda kukula munthu akamasiya ndi kuyambiranso kawirikawiri.

M'chaka cha 1935, mumzinda wa Akron ku Ohio m'dziko la America, anthu awiri amene mowa unawagonjetsa, Bill Wilson ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith, anapeza kuti pamene aliyense payekha analephera, ankatha kupirira akamalankhulana ndi kuthandiza anzawo a vuto lomwelo, ndipo apa m'pamene linayambira gulu la Alcoholics Anonymous limene lero lili m'maiko ambiri. Nzeru yawo ina ndi yakuti munthu asadzisenzetse lumbiro la moyo wonse m'mawa uliwonse, koma atsimikize za tsiku la lero lokha, ndipo mawa adzatsimikizenso. Zimenezi zitheka pamudzi uliwonse. Pafupifupi mumpingo ndi mumzikiti uliwonse muli munthu amene kale anali chidakwa ndipo anasiya zaka zapitazo. Mufunefuneni ameneyo, pakuti mawu ake adzalowa pamene mawu a munthu amene sanalawepo mowa sangalowe. Kumene kukufunika chithandizo choposa apa, pa chipatala cha boma chilichonse mungafunse za anamwino ndi madokotala oona za matenda a maganizo, amene angathe kutumiza wodwala ku Zomba Mental Hospital, ndiponso a Saint John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe amathandiza anthu ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo.

Tsono inu amene mwawerenga kabuku kano, ngati pakhomo panu pali wina amene wanena kuti afuna kusiya, musadikire kuti chaka chithe kapena kuti ukwati wa mphwake uyambe wadutsa. Khalani pansi sabata ino, sankhani tsiku, sankhani womulonda, sungani ndalama ya ulendo, dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, ndipo iye asanasiye mowa mumuperekeze kuchipatala.